Mwana akakana nsima ku Glasgow

 Mwezi uno tikambirane nkhani imene munthu wopanda mwana angaiyese yachibwana, chikhalirecho yasowetsa tulo amayi ndi abambo ambiri pakati pathu. Nkhaniyi ndi ya mwana wamng'ono wovuta kudya.

Tiyambe ndi kuulula zathu. Lamulungu lina m'nyengo yachisanu, titaweruka kutchalitchi, tinaganiza zopumitsa mapoto ndi kukadya kulesitilanti ina kufupi ndi Queen's Park. Tinali anayi: ife makolo, mwana wathu wachisamba wa zaka 7, ndi mzime wathu wamkazi amene panthawiyo anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Woperekera zakudya anatilandira ndi nsangala, nabweretsa kampando kakatali ka ana pamodzi ndi pepala lojambulapo. Tinamuitanitsira mwanayo nsomba, mbatatesi yophwanya ndi nsawawa. Mbale itangofika, iye anaiyang'ana ngati waona njoka, natembenuzira nkhope kukhoma. Tinanyengerera. Supuni tinaisandutsa ndege yotera pa Chileka. Tinalonjeza ayisikilimu. Kenaka mawu athu anayamba kukwera, ndipo kadzanja kake kanakankha mbale ija, nsawawa n'kumwazikira pansi pa matebulo a eni ake. Kulira kumene kunatsatira kunamveka mpaka kukhitchini.

Palibe amene anatinena. Mayi wina wachikulire wa patebulo loyandikana anangotimwetulira mwachifundo. Koma ife tinkamva ngati Glasgow yense watembenuka kudzaona mmene Amalawi amalerera ana. Tinalipira chakudya chimene sichinadyedwe, tinatuluka titazyolika, ndipo m'basi yobwerera kunyumba mwana uja anadya nthochi yathunthu ali phee.

Madzulo ake tinaimbira agogo ake kumudzi pafoni yoonana nkhope. Atangomuona mdzukulu wawo anati, “Kodi mwanayu mukumudyetsa koma? Taonani timikonoto. Mubwere naye kuno miyezi iwiri yokha, mudzam'peza atadzaza chitenje.” Tinaseka nawo, koma mawuwo anatilasa. Usiku umenewo tinagona titalozana zala: wina akuti mwana wasasatitsidwa, wina akuti mwana akuopsezedwa.

Chifukwa chake zimatipweteka chonchi

Titafatsa ndi kudzifunsa, tinapeza kuti mantha athuwa sanabadwire kuno. Tinabwera nawo m'masutikesi pamodzi ndi ufa ndi zitenje. Makolo athu anakula akumva za njala ya 1949 imene inapulula anthu m'madera a Blantyre, ndipo ambiri a ife tinaona ndi maso athu njala ya 2002, pamene mabanja ankadya madeya ndi mizu ya nthochi. Tikukumbukanso kusikelo, pansi pa mtengo wa mango, mlangizi wa zaumoyo akupachika mwana pasikelo ndi kum'zenga kalamba ka mitundu itatu pamkono. Kalambako kakaloza pofiira, mayi ankadziwa kuti ulendo ndi wa kuchipatala kukalandira chiponde. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu ku Malawi anali opinimbira. Motero agogo akamayang'ana mikono ya mdzukulu pafoni, akuyang'ana ndi maso amene anaonapo ana akutha ndi njala. Sitingawadzudzule.

Kuno ku Scotland nkhani ya njala ya kwathu imatitsatabe. Bungwe la Mary's Meals, limene likulu lake lili ku Dalmally m'dera la Argyll, linayamba ntchito yake ku Malawi mu 2002 podyetsa ana 200, ndipo mpaka lero matchalitchi ndi masukulu a kuno amasonkha ndalama kuti ana a kwathu amwe phala la Likuni kusukulu. Munthu umachoka ku msonkhano wotere, n'kukafika kunyumba kukapungulira phala la mwana wako m'bini. Mtima ungakhale bwanji m'malo?

Palinso za ulemu. Kwathu kukana chakudya chimene wapatsidwa n'chipongwe kwa wophika, ndipo mwana wotero amatchedwa wamwano. Ndiye pali za nsimayo. Mmalawi amene wadya mpunga kapena buledi amati sanadye. Mwana akalandira makaroni n'kukana nsima, timamva ngati dziko lachilendoli layamba kutilanda mwana, ndipo timaonera patali tsiku limene tidzafike naye kumudzi, azakhali ake ataphika nkhuku yachikuda, iye n'kumalirira tchipisi pamaso pa mudzi wonse.

Katundu yenseyu timamusenzetsa kamwana ka zaka ziwiri kamene sikadziwa za 1949 kapena za ulemu wa wophika. Iko kakungoona kuti nkhope za amayi ndi abambo zimasintha mbale ikafika.

Zimene zikuchitika mwa mwanayo

Namwino woyendera mabanja, amene kuno amam'tcha health visitor, ndiye anayamba kutitsitsa mtima pansi. Anatsegula buku lofiira lija limene mwana aliyense amapatsidwa, lofanana ndi khadi lathu la kusikelo, natisonyeza kuti mzere wa mwana wathu ukukwera bwinobwino m'njira yake. Kenaka anatifotokozera zinthu zimene tikuona kuti kholo lililonse liyenera kuzimva.

Choyamba, kakulidwe ka mwana kamabwerera m'mbuyo akakwanitsa chaka. Khanda lobadwa ndi makilogalamu 3 limafika makilogalamu 9 kapena 10 pakutha pa chaka choyamba. Chaka chachiwiri limangoonjezera makilogalamu awiri kapena atatu. Thupi likachepetsa liwiro, chilakolako cha chakudya chimachepanso. Mwana amene ankameza phala ngati dzenje ali ndi miyezi 10 sanasinthe mtima. Thupi lake ndilo lasiya kufuna zambiri. Kamimba kake nakonso n'kakang'ono, koyerekezeka ndi chibakera chake, pamene ife timamuikira mtanda wa munthu wochokera kudimba.

Chachiwiri, ana ambiri a zaka zapakati pa ziwiri ndi zisanu ndi chimodzi amaopa chakudya chachilendo, makamaka chobiriwira ndi chowawira. Akatswiri ena amaganiza kuti manthawa ankateteza ana ongoyamba kuyenda kuti asamangotola chilichonse cha kutchire n'kuika m'kamwa. Manthawa amatha ndi kuzolowera. Chakudya chimodzi chingafunike kuonekera pambale maulendo 10 kapena 15 mwana asanachivomere. Ambiri a ife timagwa ulesi ulendo wachitatu, n'kugamula kuti mwanayu sadya masamba.

Chachitatu, msinkhu umenewu ndi umene mwana amatulukira mawu akuti “ayi”. Sangasankhe nthawi yogona, zovala kapena kopita, koma pakamwa pake ndi pake. Ife tikapasandutsa bwalo la nkhondo, iye ndiye amapambana nthawi zonse.

Palinso za chibadwa. Mu 2024 akatswiri a ku University College London anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mapasa a m'mabanja pafupifupi 2,400 a ku England ndi Wales. Anapeza kuti kusiyana kwa ana pa kavutidwe ka kudya kumachokera kwambiri ku magazi: magawo 60 pa 100 ana ali ndi miyezi 16, ndipo magawo 74 kapena kuposa ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 13. Izi zinatichotsera mlandu umene tinkaponyerana usiku uja. Mwana wathu wachisamba ankadya chilichonse m'nyumba yomweyi, kwa makolo omwewa. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsanso kuti zochitika za pakhomo, monga kukhala pansi kudyera pamodzi, zimakhala ndi mphamvu ana akadali aang'ono chonchi. Apa m'pamene tinayamba kukumbukira kwathu ndi maso ena.

Zimene kumudzi ankachita bwino, ndi zoyenera kuzisiya

Agogo akamati kwathu kunalibe mwana wosankha zakudya, pali choona chake. Koma tifunse kuti chinkadyetsa anawo n'chiyani. Mwana wa kumudzi sankakhala yekha pakampando, akuluakulu awiri atamuyang'anitsitsa ngati wodwala. Ankakhala pamphasa pakati pa akulu ake, asuweni ndi ana a oyandikana nawo, mbale imodzi ya nsima ndi ina ya ndiwo zili pakati. Ankaona mkulu wake akutema mbamu, kuiumba, kuisusa m'nkhwani wotendera, ndipo iye ankatsanzira. Ankadziwanso kuti akachita chidodo apeza mbale ili mbee. Palibe amene ankawerenga mbamu zake. Pakati pa nkhomaliro ndi mgonero panalibe kabati ya mabisiketi. Akatha kukolola kunali masanje, kumene ana ankaphika okha tinsima ndi tindiwo m'zitini, nazolowera kugwira chakudya, kuchinunkhiza ndi kuchilawa popanda wowalamula. Akuluakulu anati mwana sakulira nakubala, ndipo pa nkhani ya kudya mwambiwu unkaonekera tsiku ndi tsiku.

Kuno zinthu zatembenuka. M'kafulati ka ku Springburn kapena Govanhill, mayi ali pashifiti ya usiku, bambo wangofika wotopa, mwana akudya yekha 5 koloko kunja kutada kale, ndipo akuluakulu adzadya 9 koloko iye atagona. Angaphunzire kwa yani kudya nsima ngati sanaonepo munthu akuidya mokondwa? N'chifukwa chake makolo ambiri amadabwa aphunzitsi a kusukulu yamkombaphala akawauza kuti mwana anamaliza supu ndi karoti, zimene kunyumba amazitaya pansi. Kumeneko amadya pakati pa anzake. Chiyambire Ogasiti 2021, ana a zaka zitatu ndi zinayi, komanso ena a zaka ziwiri, ali ndi mwayi wa maola 1,140 aulere pachaka m'sukulu zimenezi, ndipo amalandirako chakudya. Ndi bwino kufunsa aphunzitsi zimene mwana amadya kumeneko.

Komabe tisakometsere zonse za kwathu. Ambiri tinaona, kapena kuchitiridwa, kamwetsedwe kaja ka phala: mwana wapanidwa pamiyendo, manja agwidwa, phala likuthiridwa m'kamwa iye akulira, nthawi zina mphuno itatsinidwa kuti ayasamule. Amayi athu ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi mantha, koma n'zoopsa. Mwana angatsamwe, phala lingalowe m'mapapo, ndipo amaphunzira kudana ndi supuni. Chimodzimodzinso ziopsezo zija: “Ukapanda kudya akubaya jakisoni adokotala,” kapena “Ndikuitanira apolisi.” Tsiku limene mwana adzafunikedi dokotala, tidzakolola zimene tinafesa. Tikumbutsanenso kuti kuno ku Scotland, chiyambire pa 7 Novembala 2020, lamulo sililola kholo kumenya mwana ngakhale kambama kakang'ono. Tisadziike m'mavuto ndi boma chifukwa cha masupuni atatu a phala.

Zimene tinasintha m'nyumba mwathu

Katswiri wina wa kadyedwe wa ku America, Ellyn Satter, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ntchito ya patebulo ndi yogawana. Kholo ndilo limasankha chakudya, nthawi ndi malo odyera. Mwana ndiye amasankha ngati adye ndiponso kuchuluka kwake. Poyamba tinaona ngati n'kulekerera kwachizungu. Titalingalira tinaona kuti pamphasa paja zinkayenda momwemo: amayi ankaphika chimene chilipo, nthawi yake, ndipo mwana aliyense ankatema molingana ndi mimba yake.

Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, dokotala wina wa ku America, Clara Davis, anayesa kuikira ana ongosiya kuyamwa zakudya zosiyanasiyana kuti azisankha okha. Tsiku lina mwana ankadya chinthu chimodzi chokha, tsiku lina china, koma pakupita kwa masabata onse ankakula bwino. Chinsinsi chake chinali chakuti patebulopo panalibe maswiti kapena zakumwa zashuga. Zonse zimene ankasankhapo zinali zakudya zenizeni. Phunziro lake n'lakuti tiziyang'ana zimene mwana wadya sabata yonse, tisaweruze ndi mgonero umodzi.

Motero tinachita izi. Tinakonza zoti kamodzi patsiku, ngakhale pakhale kholo limodzi lokha, mwana azidya ndi anthu, chakudya chomwecho chimene enawo akudya. Tinaika mbale pakati monga kwathu, tonse titasamba m'manja, ndipo tinamulola kugwira nsima ndi manja ake, kuifinya ndi kuimata patebulo ngati afuna. Pa chakudya chilichonse timaikapo chinthu chimodzi chimene tikudziwa kuti amachilandira, kaya ndi mpunga kapena kagawo ka nthochi, ndipo pambali pake kachidutswa kakang'ono ka chinthu chimene amachikana. Akakana, sitinena kanthu. Pakatha mphindi 20 kapena 30 timachotsa mbale, ndipo sitiphikanso china. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwana wathanzi akamva njala amadya pa chakudya chotsatira.

Chimene chinathandiza koposa chinali kuchepetsa mkaka ndi zokhwasulakhwasula. Titawerengera tinapeza kuti mwana wathu ankayenda ndi botolo la mkaka tsiku lonse, kuonjezera juwisi, yogati ndi mabisiketi a m'basi. Pofika nthawi ya nsima anali atakhuta kale. Tinasiya botolo, tinayamba kapu, ndipo pakati pa zakudya zitatu zikuluzikulu tinasiyapo tizakudya tiwiri pa nthawi yodziwika, ludzu n'kumathetsa ndi madzi. Tinasiyanso kumudyetsa akuonera makatuni pafoni. Njira imeneyo imalowetsadi masupuni, koma mwana amameza osadziwa chimene akudya, ndipo saphunzira kumva kuti wakhuta.

Nzeru za kwathu za magulu asanu ndi limodzi a zakudya zimagwirabe ntchito kuno. Phala la oats limene eni dziko amalinyadira limalandira nsinjiro monga phala lathu la mgaiwa, malinga ngati mwana sadana ndi mtedza. Masamba a spring greens amatendereka ngati repu. Tinsomba touma tofanana ndi usipa, topezeka m'masitolo a zakudya za ku Africa, tingasinjidwe n'kuwazidwa m'ndiwo. Ndipo mwana akatsuka nawo tomato kapena kuthothola masamba, amafuna kulawa ntchito ya manja ake. Amenewo ndiwo masanje a m'fulati.

Tikapita kukadya kunja

Chitachitika chija cha ku Queen's Park tinatha miyezi itatu osapondanso mulesitilanti. Kenaka tinaona kuti kubisala sikuphunzitsa mwana kanthu, ndipo ifenso tili ndi ufulu wopuma. Titabwereramo m'maganizo tinapeza kuti olakwa tsiku lija tinali ife. Mapemphero anatha 1 koloko, mwana anali atakhala chete maola awiri, nthawi yake yogona inali itakwana, ndipo chakudya chinafika patatha theka la ola. Pamwamba pa zonsezo tinamuitanitsira chakudya chimene anali asanachionepo. Nkhanga zinapangana kusanapse. Ife tinapita osapangana.

Tsopano timasankha nthawi imene mwana wagona kale ndipo njala yangoyamba kumene. Timayang'aniratu ndandanda wa zakudya tisanachoke pakhomo, kuti tikangokhala pansi tiitanitse. Timapempha tebulo la pakona kapena la pafupi ndi khomo, ndipo sitimuika pakampando kake chakudya chisanafike. Mmodzi wa ife amayenda naye panja kapena kumusonyeza zithunzi za pakhoma. M'chikwama mumakhala kabuku, kagalimoto ndi kachipatso. Tinayamba ndi malo osavuta, monga kodyera kwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Kelvingrove, kumene kulowa n'kwaulere, ana ali ponseponse, ndipo zikavuta mumangonyamuka kukaona njovu ija yotchedwa Sir Roger.

Ndandanda wa zakudya za ana m'malesitilanti ambiri ndi umodzimodzi: tizidutswa ta nkhuku tokazinga, masoseji, makaroni a tchizi ndi tchipisi. Kudya zimenezi mwa apo ndi apo si mlandu, ngakhale tiyenera kukumbukira kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu sayenera kupitirira magalamu awiri a mchere patsiku, ndipo zakudya zoterezi zimakhala ndi mchere wambiri. Ife timakonda kupempha kambale kopanda kanthu n'kumugawira za m'mbale zathu. Ndalama zimapulumuka, ndipo chakudya cha m'mbale ya abambo chimakoma kuposa chake nthawi zonse. Pa chifukwa chomwechi timakonda malo amene zakudya zimaikidwa pakati kuti onse atapeko. Glasgow ali ndi malesitilanti ambiri a anzathu ochokera ku India ndi Pakistan, kumene kuli mpunga, chapati ndi nyemba zofewa, ndipo kudya ndi manja sikudabwitsa munthu. Tingopempha kuti za mwana zisakhale ndi tsabola. Kwa anzathu a ku Eritrea ndi Ethiopia banja lonse limazungulira mbale imodzi yaikulu, monga pamphasa paja. Ngakhale m'malo a eni dziko, supu wa lentil ndi buledi, kapena nyama yogaya ndi mbatatesi, ndi zakudya zimene ana ambiri amazilandira.

Tidziwenso zimene malamulo a kuno amatipatsa. Chiyambire 2005, n'kulakwira lamulo ku Scotland kuletsa munthu kuyamwitsa kapena kumwetsa mkaka mwana wosafika zaka ziwiri pamalo a anthu onse pamene mwanayo akuloledwa kukhalapo, kuphatikizapo mulesitilanti. Amayi asamabisale kuchimbudzi. Malo odyera ayeneranso kutiuza ngati chakudya chili ndi china mwa zinthu 14 zimene matupi a anthu ena amadana nazo, monga mtedza, mazira, mkaka ndi nsomba. Malo ogulitsa mowa ayenera kupereka madzi a pampopi kwaulere tikapempha, koma ena ali ndi maola amene salola ana, choncho ndi bwino kufunsiratu. Ndipo kulikonse kumene tili, mtedza wathunthu si wa mwana wosafika zaka zisanu, mphesa ziyenera kudulidwa m'litali, ndipo nsomba tiyambe taichotsa minga.

Mwana akayamba kulira, mmodzi amatuluka naye modekha mpaka atatonthola. Akakana kudya, timapempha kuti atikulungire chakudyacho tikadye kunyumba. Tisananyamuke timatola zimene zagwa pansi ndi kuthokoza otitumikira. Tinazindikira kuti maso aja tinkawaopa ambiri mwa iwo ndi a anthu amene analerapo ana, ndipo mayi wachikulire uja ankamwetulira chifukwa ankakumbukira ake. Lesitilanti si malo ophunzitsira mwana kudya masamba. Tikakhala pamodzi mphindi 40 popanda misozi, ulendowo wayenda bwino ngakhale mwana atadya buledi yekha.

Nthawi yofunsa achipatala

Kudekha sikutanthauza kutseka maso. Ngati mwana akutsika sikelo kapena mzere wake m'buku lofiira waima, ngati ali wofooka ndi wotuwa, ngati amatsamwa kapena kusanza kawirikawiri pakudya, ngati amadzimbidwa kwambiri, kapena ngati zakudya zimene amalandira ndi zowerengeka pa zala ndipo zikuchepabe, tisadikire. Tionane ndi health visitor kapena dokotala wathu wa GP. Pali vuto lina lotchedwa ARFID, limene madokotala analizindikira mwalamulo mu 2013, pamene mwana amaopa chakudya kufikira kuwononga thanzi lake, ndipo limafuna thandizo la akatswiri. Ana onse kuno amaitanidwa kukaunikidwa ali ndi miyezi 27 mpaka 30. Umenewo ndi mpata wabwino wofunsa zonse.

Zinthu ziwiri zikutikhudza ife makamaka. Choyamba ndi vitamini D. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa la Scotland silikwanira kuti thupi lipange vitamini ameneyu, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo. Kusowa kwake kumafewetsa mafupa, mwana n'kuchita matewe. Glasgow amalidziwa vutoli, ndipo mu 1979 achipatala a mumzinda uno anachita kampeni yolimbana nalo pakati pa ana a mabanja ochokera ku Asia. Malangizo a NHS ndi akuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azilandira ma microgram 10 tsiku lililonse, ndipo ku Scotland madontho ake ndi aulere kwa ana osafika zaka zitatu. Chachiwiri ndi ayironi. Mkaka wambiri umalanda malo a nyama, mazira ndi nyemba, ndipo tiyi amene tinazolowera kupatsa ana kwathu amalepheretsa thupi kuyamwa ayironi wa m'chakudya. Tiyi akhale wa akuluakulu.

Pempho lathu kwa abale

Tikasonkhana pa 6 Julaye kukumbukira ufulu wa dziko lathu, kapena pa Khirisimasi, kawirikawiri timakonza matebulo awiri: la akuluakulu lokhala ndi nsima, nyemba, nkhwani ndi nsomba, ndi la ana lokhala ndi tchipisi ndi masoseji. Potero ndife tomwe tikuuza anawo kuti nsima si yawo. Bwanji tiyale mphasa ndi zitenje pakona ya holo, tiikepo mbale za nsima ndi ndiwo, ana aang'ono akhale pakati pa okulirapo, ife n'kuyang'anira chapatali? Ndipo mabanja oyandikana, bwanji tizisinthana kudyetsa ana pamodzi kamodzi pasabata? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tikunena izi chifukwa tinaziona. Pa msonkhano wina wotere mzime wathu uja, atakwanitsa zaka zitatu, anatizemba n'kukakhala pakati pa atsikana awiri okulirapo amene ankadya pansi. Tinamuona akuyang'anitsitsa manja awo. Kenaka anatema kambamu, nakaumba mokhotakhota, nakasusa m'nyemba. Anadya mbamu zitatu, n'kunyamuka kukasewera. Tinadzigwira kuti tisaombe m'manja, koma tinajambula mobisa n'kutumizira agogo ake. Yankho linabwera m'mawa mwake: “Zikomo kwambiri, ndaona. Nanga masambawo wawasiyiranji?”

Masambawo tikuwaikabe pambale, ndipo sitinasiye kuyembekeza. Kuona maso a nkhono n'kudekha.